Mfuti yakale ya asilikali imagulidwa ngati injini ya kaunjika

Anyamata, iyi ndi yaitali. Amene ali pantchito aisunge kaye, adzawerenge madzulo nsima itatsika. Mawu okhaokha sadya bandulo, musadandaule.

Mwandifunsa kokwanira za zithunzi za mfuti zomwe ndinaika pa status sabata yatha. Ena mpaka kubwera ku inbox monong'ona, eti "aise, zilipo? Ukupanga zingati?" Palibe chomwe chilipo. Ine malonda anga ndi sipanala ndi pulagi basi. Zithunzi zija ndi za achimwene anga a ku Joni, mwana wa bambo aakulu, amene anapita ine ndili ku pulayimale ndipo pano ali ndi mapepala okhazikika. Amagwira pa famu ku Limpopo, kumene kusaka nswala ndi njiri n'kololedwa ukakhala ndi zilolezo zake. Akufuna mfuti yawo yoyamba, thumba ndi lochepa, ndiye maso awo agwera pa mfuti zakale za asilikali zomwe zimapezeka m'mashopu a chilolezo kumeneko. Ananditumizira zitatu, akuti "iwe umadziwa zitsulo, tandionere." Ndiye milungu ingapo yapitayi ndakhala ndikuwerenga usiku, n'kumaonera mavidiyo a Ian McCollum a Forgotten Weapons pa YouTube netiweki ikalola. Chomwe ndapeza n'chakuti nkhani yonseyi ndi ntchito yanga yomwe ija ya pa doko. Munthu akakubweretsera Yamaha Enduro 40 yomwe yayenda m'manja mwa anthu asanu, funso ndi limodzi, kuti mkatimo mwatsala moyo wochuluka bwanji.

Asilikali akasintha mtundu wa mfuti, zakale saziponya kudzala. Amazipaka girizi wokhuthala, kuzikulunga, kuziika m'mabokosi kudikira nkhondo ina. Nkhondoyo ikapanda kubwera, kapena ikabwera ikufuna zida zina, boma limagulitsa mabokosiwo kwa makampani a chilolezo, n'kumapezeka m'mashopu ku America, Canada, Australia, South Africa. Azungu amati surplus, zotsala. Ndi belo la kaunjika ndithu. Belo lomwelo muli jekete yoti sinavalidwepo, muli sanza.

Zomwe achimwene ananditumizira zonse ndi za banja limodzi, Lee-Enfield, yomwe anthu amangoitchula ndi dzina la chipolopolo chake, .303. Angerezi anayamba nayo mu 1895, yaifupi yotchedwa SMLE Mk III inabwera mu 1907, kenako No. 4 yomwe inachuluka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anaisiya cha mu 1957 atatenga mfuti yodziyikira yokha chipolopolo. Zinapangidwa zopitirira 16 miliyoni, ku Enfield, Birmingham, Fazakerley ndi Maltby ku Britain, ku Long Branch ku Canada, ku kampani ya Savage ku America, ku Lithgow ku Australia ndi ku Ishapore ku India. Imanyamula zipolopolo 10. Ukaomba kamodzi umakoka boliti ndi dzanja, ngati mpiringidzo wa chitseko, khoko lotha limatuluka, ukakankha chatsopano chimalowa. Msilikali wa Chingerezi nkhondo ya 1914 isanayambe ankayenera kuomba 15 pa mphindi imodzi, ndipo osati kungowombera m'mwamba, kulasa pomwe wauzidwa.

Ndipo iyi si mfuti ya azungu okha. Agogo athu omwe analowa King's African Rifles ananyamula banja lomweli. Gulu limenelo linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno ku Nyasaland, likulu ku Zomba. Anamenyana ndi Majeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, anayenda wapansi m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique, pa nkhondo yachiwiri anafika mpaka ku Burma. Beni yemwe timavina kuno ku Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay, kuguba konse kuja ndi ndodo paphewa, zinachokera pa perete ya anthu amenewa. Ndiye ndikaona chithunzi cha .303 sindiona chinthu chachilendo ayi. Ndimaganiza za phewa la munthu wa kwathu konkuno lomwe linatupa nayo.

Tsopano poyang'ana. Chinthu choyamba si kuyang'ana n'komwe. Ndi kutsegula boliti n'kuona ndi maso, n'kupisamo chala, kuti mulibe chipolopolo, ngakhale mwini wake atalumbira pa manda a amake. Ife pa doko sitigwira pulopela tisanazule kapu ya pulagi, ngakhale injini ikhale yakufa chaka chathunthu. Ndi lamulo lomwelo.

Kenako kuwerenga. Mfuti za asilikali zimalankhula, thupi lonse ndi zidindo. Pali dzina la fakitale, chaka, mtundu, kachizindikiro konga phazi la nkhuku komwe kamatanthauza katundu wa boma la Britain. Zomwe zinagwira ntchito m'gulu la nkhondo la South Africa nthawi ya Union zina zili ndi chilembo U chokhala ndi kaphazi komweko mkati. Ukaona FTR ndiye kuti inabwerera ku fakitale n'kukonzedwa yonse, zomwe si zoipa, ndi ovaholo ya kwa eni ake. Koma ukaona DP, bweza manja kumbuyo. Zilembo ziwirizo zikutanthauza kuti asilikali eni ake anaiweruza kuti ndi yogubira pa perete basi, yophunzitsira kunyamula, osati yoombera. Akatswiri a nthawi imeneyo anapeza vuto lomwe iwe sungalione ndi maso. Pali anthu osaopa Mulungu omwe amapala zilembozo ndi tupa n'kupakapo utoto. Ndiye pamalo paliponse pomwe chitsulo chasalala mosiyana ndi pozungulira pake, funsa kuti panali chiyani. Ndi zomwe timachita tikaona injini yomwe nambala yake pa bulaketi yapalidwa. Sitifunsanso mtengo.

Pali ina yoseketsa. Ku malire a Pakistan ndi Afghanistan, m'tauni ya Darra Adam Khel, amisiri akhala akusula makope a Lee-Enfield ndi manja kwa zaka zambirimbiri, kuchokera ku zitsulo zilizonse zomwe apeza. Amakopera mpaka zidindo. Koma chifukwa akukopera zilembo za chilankhulo cha eni ake, nthawi zina N wa mu ENFIELD amatembenuka chagada, kapena amadinda VR, chidindo cha Mfumukazi Victoria, pamodzi ndi chaka cha pambuyo pa 1901 mayiyo atamwalira kale. Luso lawo ndimalilemekeza, musandimve molakwa, munthu wosula mfuti yathunthu ndi tupa ndi shasha. Koma chitsulo chake palibe anachiyesa mphamvu. Ndi ma ring'i aja a m'kabokosi kolembedwa Yamaha koma utoto wa zilembo ukuchoka ndi chala.

Manambala. Pa thupi la mfuti pali nambala, pa boliti palinso nambala, ndipo ziyenera kufanana. Si nkhani ya kukongola. Boliti ya Lee-Enfield inkalinganizidwa ndi thupi lakelo ku fakitale, kuti mano ake awiri otsekera agwire onse mofanana. Ukatenga ya mfuti ina, mwina dzino limodzi lokha ndi lomwe likusenza mphamvu yonse. Ma Russia atatha nkhondo yachiwiri ankaphwasula mfuti zawo za Mosin-Nagant ndi za Mauser K98k zomwe analanda kwa Majeremani, kuzitsuka mulu umodzi, n'kuzimanganso mosakaniza, kenako n'kulemba nambala yatsopano ndi kapensulo ka magetsi kuti zioneke zofanana. Osonkhanitsa zakale amadziwa kusiyanitsa nambala yodindidwa ku fakitale ndi yokandidwa pambuyo pake, ndipo mtengo wake umasiyana.

Koma mtima wa nkhani ndi mpope. Apa ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pomwe ndalama imapsera.

Mkati mwa mpope muli timizere topotana kuchokera kumbuyo mpaka kukamwa. Ntchito yake ndi kugwira chipolopolo n'kuchizunguza kuti chiziuluka chikuzungulira, chisapidiguke m'malere. Lee-Enfield zambiri zili ndi timizere tisanu, zina za nthawi ya nkhondo anazipanga ndi tiwiri kuti ntchito ifulumire, ndipo zimalasa bwinobwino. Timizereti tikatha, mfuti yatha, ngakhale kunja kuwale bwanji. Uchotse boliti, uunike ndi tochi mbali imodzi, usuzumire mbali inayo. Mpope wamoyo umawala ndipo m'mphepete mwa timizere ndi mwakuthwa. Wotopa ndi wakuda, timizere tozungulira ngati mano a giya yomwe yayenda yopanda oyilo, ndipo mkati muli timaenje ngati nkhope ya munthu yemwe anadwala nthomba.

Timaenje timeneto tinachokera kuti? Zipolopolo zakale za asilikali zinali ndi kabatani kakumbuyo, primer, kokhala ndi mankhwala omwe akapsa amasiya mchere mu mpope. Mchere umakoka chinyezi, chinyezi chimabala dzimbiri, ndipo m'nyengo yonyowa masiku ochepa okha ndi okwanira. Oyilo sasungunula mchere. Amangouphimba, dzimbiri n'kumadya pansi pake mwakachetechete. N'chifukwa chake asilikali a Chingerezi ankathira madzi owira mu mpope ndi fanulo akatha kuomba, kuumitsa, kenako oyilo. Msilikali waulesi wa mu 1943 ulesi wake ukuonekabe lero mu mpope umenewo. Ife a nyanja ya madzi ozizira opanda mchere tili ndi mwayi, koma mukudziwa injini zija zomwe zimabwera zitayenda kale pa nyanja yamchere. Kava yake yonyezimira, zomata zonse zilipo, koma ukatsegula njira za madzi umapeza zoyera ngati phulusa, mabawuti akuduka okha. Chikomekome cha mkuyu.

Kuwonjezera pa mchere, onga wa .303 wakale, cordite, wooneka ngati timitengo ta supageti, unkayaka motentha kwambiri n'kumadya poyambira mpope, pafupi ndi pomwe chipolopolo chimagona. Ndiye mpope ukhoza kuoneka bwino pakati koma kukhosi kwake kutaperepeseka. Kukamwa nakonso kumatha, chifukwa cha chingwe chopukutira chomwe msilikali ankachikoka chopendekera mbali imodzi zaka ndi zaka. Kayesedwe kophweka komwe ogula amachita, wogulitsa akalola, ndi kutenga nsonga ya chipolopolo n'kuilowetsa kukamwa kwa mpope, boliti itachotsedwa. Ikaima msanga, gawo labwino likuonekabe kunja, kukamwa kuli moyo. Ikamira yonse mpaka khoko kugunda, ndiye kuti yamezedwa, mfutiyo izimwaza ngati munthu wofesa mpunga.

Chinthu china chomwe maso sangaone n'komwe amachitcha headspace. Ndi kampata ka pakati pa nkhope ya boliti ndi pomwe mkombero wa chipolopolo umatsamira, boliti itatsekedwa. Pa .303 asilikali ankalola kuchokera pa 0.064 mpaka 0.074 ya inchi. Kusiyana kwake ndi kota ya milimita, kochepera gapu ya pulagi iliyonse yomwe munaionapo. Kampatako kakakula, khoko la mkuwa limatanuka pomwe onga ukuphulika, ndipo tsiku lina limaduka, mpweya wamoto n'kubwerera kumbuyo. Kumbuyoko kuli diso lako. Izi zimayesedwa ndi timageji tachitsulo tomwe mmisiri wa mfuti amakhala nato, ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pa No. 4 anachita nzeru, mutu wa boliti umamasuka ndipo unapangidwa m'masaizi anayi, 0, 1, 2 ndi 3, kuti mpata ukakula aziikapo wautali pang'ono. Ndiye yang'ana nambala imeneyo. Ukapeza 0 kapena 1 ndipo geji ikuvomera, pali potsalira. Ukapeza 3 ndipo mpata ukadali waukulu, ndi buloko yomwe yaboledwa kale mpaka oversize yomaliza. Kulibenso pisitoni ina yoti ungaigulire.

Za matabwa sinditaya nthawi, ndinu ana a asodzi, thabwa lovunda mumalidziwa ndi kugogoda. Mng'alu wa kumbuyo komwe thabwa limalandira kugunda kwa mfuti ndi woipa, zipsera za pamwamba ndi mbiri chabe. Thabwa lomwe lamwa oyilo zaka 80 limada n'kufewa. Girizi wosungira uja, cosmoline, si vuto, ndi iye anaisunga, koma ayenera kuchoka yense musanaombe, makamaka mu mpope ndi mkati mwa boliti. Pa mfuti ya SKS ya ku Russia ndi China, girizi akauma n'kugwira kasingano koboola primer kali kunja, mfuti imatha kuomba yokha pongotseka boliti, wina asanakhudze n'chala chomwe.

Ndidutseko pa ina yomwe inandigwira mtima. Mfuti za K31 za ku Switzerland, ukamasula kachitsulo ka kutako kwa thabwa, nthawi zambiri umapeza kapepala kolembedwa dzina la msilikali yemwe anapatsidwa, chaka chake chobadwa ndi komwe ankakhala. Anthu ena ogula amalemba makalata kufunafuna mwini dzinalo kapena ana ake. Matabwa a mfutizo amakhala okumbika ndi nsapato ndi chipale, koma mipope yake ndi galasi, chifukwa zipolopolo zawo zinalibe mchere uja ndipo dzikolo silinamenye nkhondo. Kunja sanza, mkati mwatsopano. Ndikanakonda injini iliyonse ikanamabwera ndi kapepala kotero pansi pa kava, tidziwe yemwe ankasakaniza petulo ndi oyilo wa galimoto.

Pa zitatu za achimwene zija, yoyamba inali yonyezimira, chitsulo chakuda bii ngati chatuluka dzulo, thabwa la vanishi. Koma zidindo zake zinali zofufutika, m'mphepete mwa zilembo mosalala, kusonyeza kuti wina anaipala ndi makina asanaidetsenso. Imeneyo ndinati ayi. Munthu akapala chitsulo pali chomwe akuchotsa. Yachiwiri inali SMLE yodulidwa matabwa, akutsogolo onse anachotsa kuti ipepuke posaka, monga alimi ambiri a ku South Africa ankachitira zakale zija. Kwa osonkhanitsa zakale imeneyo ndi yolumala ndipo mtengo wake ndi wotsika, koma kwa munthu wofuna nyama ya ndiwo palibe cholakwa, bola mpope. Yachitatu inali No. 4 ya ku Long Branch, yonyansa, thabwa la mabala, mtundu wa chitsulo utatuwa m'makona momwe manja amagwira, koma zidindo zakuthwa ndipo nambala ya boliti ndi ya thupi zikufanana. Ine mtima wanga uli pa yonyansayo. Kutuwa kwa m'makona ndi kutha kwachilungamo, palibe anayesa kukubisa. Koma ndinawauzanso kuti chithunzi cha pa foni sichionetsa mkati mwa mpope, monga inenso sindingakuuzeni kompuresheni ya injini pa video call. Atengane ndi mmisiri wa mfuti yemwe si mnzake wa wogulitsa, amulipire, aike geji. Ndalama ya mmisiriyo ndi yochepa poyerekeza ndi diso.

Msampha wina wa woyamba kumene ndi nthano. Wogulitsa aliyense ali nayo, eti iyi inali ku El Alamein, iyi inali ya sinaipa. Nthano ilibe chidindo. No. 5, yaifupi yomwe amaitcha jungle carbine, inapangidwa zaka zochepa chabe, 1944 mpaka 1947, ndipo chifukwa anthu amaikonda, makampani ena ankadula No. 4 wamba n'kumazigulitsa ndi dzina limenelo. Lipira chitsulo chomwe ukuchiona. Ndipo ganizo lakuti zakale ndi zotchipa likutha. Ku America zaka za m'ma 2000 Mosin-Nagant inkagulidwa pansi pa madola 100, zitadzaza m'mabokosi. Pano ndi madola mazana angapo, chifukwa nkhokwe zinauma ndipo palibe fakitale ikupanganso.

Komanso mtengo wa mfuti si mtengo wa kukhala ndi mfuti. Tonse tikudziwa munthu yemwe anagula 40 hosipawa n'kusowa ya petulo, boti n'kumangogona pamchenga nyengo ya usipa. Zipolopolo za .303 zatsopano zikupangidwabe, ndi makampani monga Prvi Partizan ya ku Serbia ndi Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, koma si zotchipa. Zakale za asilikali n'zotsikirapo koma ndi zija za mchere, ndipo zina chifukwa cha ukalamba zimachedwa kuphulika. Ukhethemula, zii, ndiye patapita kamphindi phuu. Lamulo lake ndi kudikira theka la mphindi kapena kuposa, mpope utalozabe kutsogolo, usanatsegule. Ndiponso zipolopolo za nkhondo n'zokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga, zimangoboola nyama n'kutuluka, nyama n'kukafera kutali ikuvutika. Posaka pamafunika za nsonga yofewa.

Ndiye pali mapepala, ndipo apa ndikufuna anyamata athu a ku Joni amve bwino. Lamulo la kumeneko ndi Firearms Control Act ya 2000. Usanapemphe laisensi uyenera kukhala ndi satifiketi yosonyeza kuti ndiwe woyenera, ndipo kuti uipeze uyenera kukhala ndi zaka 21, kukhala nzika kapena wa chilolezo chokhazikika, kuchita maphunziro n'kukhoza mayeso, wopanda mbiri ya milandu ya nkhanza. Kunyumba kukhale sefa yomangidwa ku khoma. Mfuti iliyonse ili ndi laisensi yakeyake, ndipo ngakhale utalipira, imakhalabe ku shopu mpaka apolisi avomere, zomwe zimatenga miyezi. Iwe amene unalowa ndi chidindo cha masiku 30 pa Beitbridge, khomo limeneli si lako, ndipo aliyense wokuuza kuti ali ndi njira yachidule akukugulitsa ndende. Ku Britain ndi kothina kwambiri, malamulo anamangidwa pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ku Hungerford mu 1987 ndi ana a sukulu ku Dunblane mu 1996, ndipo .303 imafuna satifiketi ya apolisi ndi chifukwa chomveka. Ku America, komwe mavidiyo ambiri omwe timaonera amachokera, ndi dziko lina. Kuli laisensi yapadera ya osonkhanitsa mfuti zopitirira zaka 50, ndipo kuli bungwe la Civilian Marksmanship Program lomwe limagulitsa mfuti zakale za M1 Garand kwa nzika. Mukamaona mzungu akutsegula bokosi pa YouTube akuseka, dziwani kuti akusekera m'malamulo a kwawo.

Kuno kwathu tili ndi Firearms Act ya 1967. Mfuti kapena chipolopolo chopanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu wa ndende, ngakhale usanaombe, ngakhale "ukungosungira munthu". Kulibe shopu ya kaunjika wa asilikali. Ndiye amene munabwera ku inbox aja, ndikudziwa zomwe mumatanthauza. Mumatanthauza zija za kutsidya.

Nkhondo ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno. Mfuti zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za boma. Zinakwiriridwa m'nthaka, m'mapanga, m'mphako za mitengo, ndipo zina zinadutsa malire, moti makolo athu amakumbukira umbava wa AK-47 wa zaka za m'ma 1990. Mpaka lero kuli anthu omwe amanong'ona za katundu ameneyo kumbali ya Makanjira ndi m'malire monse. Tiyeni tiiyese ndi muyeso womwe ndafotokoza pamwambapa, ngati amakaniko, tisanafike n'komwe ku tchimo. Yagona m'dothi zaka zoposa 30 popanda girizi. Inaomba zipolopolo za mchere ndipo palibe anathirapo madzi owira. Nambala inapalidwa. Ukuigula usiku, sungaunike mpope, kulibe mmisiri wa geji, ndipo zipolopolo zake zagona m'chinyezi chomwecho. Sudziwa kuti inapha ndani, koma ikadzapezeka m'nyumba mwako mlandu wake wonse udzakhala wako. Injini yotereyi ngakhale yaulere sindingailole pa benchi yanga.

Ndikudziwa zomwe muyankhe. Maukonde akubedwa, injini zikuzulidwa pa boti usiku, ng'ona zikutenga anthu, mvuu zikugubuduza mabwato. Zonsezi n'zoona, bambo anga ndi msodzi, ululu wa kutaya chilimira ndimaudziwa. Koma taganizani mmene chipolopolo chimayendera pamadzi. Cha .303 chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 740 pa sekondi, ndipo choonera cha SMLE chinalembedwa mpaka mayadi 2000. Chikagunda madzi chopendekera sichimira, chimadumpha ngati kamwala kaphanthi komwe tinkaponya tili ana, n'kupitirira komwe iwe sunaloze. Usiku wa usipa nyanja yonse ndi nyali, ndipo pansi pa nyali iliyonse pali siginala ali m'bwato, mwana wa munthu. Ng'ona ndi mvuu zovuta ndi ntchito ya a nthambi ya zinyama zakutchire, omwe ali ndi alenje a boma. Amachedwa, inde, ndipo tili ndi ufulu wowakalipira kudzera kwa mfumu ndi komiti ya pa doko mpaka abwere. Za akuba, loko wabwino pa bulaketi ndi kulondera mosinthana zapulumutsa injini zambiri zomwe ine ndikuzidziwa.

Eni ake a nkhondoyo anasankha zina. Kuyambira mu 1995 apolisi a Mozambique ndi a South Africa ankafukula nkhokwe zobisikazo n'kuziphulitsa, pa ntchito yomwe ankaitcha Operation Rachel. Chaka chomwecho bungwe la mipingo ya Chikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi njinga, makina osokera, makasu ndi malata. Mfutizo ankazidula, amisiri a ku Maputo n'kuziwotcherera kukhala ziboliboli. Mmodzi mwa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga mpando wathunthu wa zidutswa za mfuti, ndipo British Museum ya ku London inaugula mu 2002. Ndinauyang'anitsitsa pa chithunzi ngati munthu wowotcherera. Pali matako a AK, pali magazini, pali mipope, ndipo weleding'i yake ndi yooneka, sanaibise.

Amene zala zikumuyabwa kuti agwireko chitsulo cha nkhondo, chilipo pa boma pompano, pafupi ndi chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria, musanakwere mlatho wa pa Shire. Ndi mzinga wa Hotchkiss wochokera pa sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawoloka nyanja yathu yomweyi n'kukaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe pano ndi Liuli ku Tanzania. Ambiri timangoudutsa pa kabaza osacheuka. Loweruka ndikupita ku boma kukasaka ma ring'i ndi impela, ndipo ndikufuna ndikaime pamenepo ndi tochi, ndisuzumire ngati timizere ta mkati mwake tikuonekabe. Amene akufuna titsagane andipeze pa doko isanakwane 7.